Munthu Amene Anamanga Amuna Anga

Pamaliro a mwezi wathawu, mkulu wa mpingo ataimirira n'kulengeza kuti tasonkhana kudzaperekeza bambo Yotamu Chikhasu, anthu tinayang'anizana. Mayi amene ndinakhala naye pamphasa anandikodola n'kunong'ona kuti, "Kodi kapena tasokera maliro?" Sitinasokere ayi. Kungoti dzina limenelo linali lisanatulukepo kunja kwa tchalitchi. Kuchokera ku Senga Bay mpaka ku boma, ngakhale kwa alimi a mpunga a ku Chinguluwe, munthuyo anali a Sapuma, okonza njinga a pansi pa mtengo wa bwemba.

Olalikira anati malemuwo anali munthu wofatsa ndi wodzichepetsa. Ambuye awakhululukire, pamaliro pamafunika mawu otero. A Sapuma amene ndinkawadziwa ine anali apakamwa, odzitama, osachedwa kupsa mtima, ndipo mawu awo ankamveka kutsidya la msewu ngakhale akupereka moni chabe. Anali aafupi, a pachifuwa potakata, ndi akatumba a m'miyendo olimba ngati zitsa. Mwendo wakumanja wa buluku lawo unkakhala wolowetsedwa m'sokosi tsiku lililonse, ndi kutchalitchi komwe. Ndinkawakonda kwambiri bambo amenewo, ndipo ndili ndi chifukwa.

Chimene chinkawasiyanitsa ndi okonza njinga ena n'chakuti iwo sankalekanitsa munthu ndi njinga yake. Ukamadutsa pamsewu tayala lili lofewa, ankakuwa ali pachigoba cha mtengo chimene ankakhalira kuti waphwa. Sipoko ikaduka, ndiye kuti wathyoka nthiti. Tsiku lina anaimitsa akazi a katekisiti akuchokera kumsika n'kuwauza, anthu onse akumva, kuti amuna awo atha mano, ndipo akapitiriza kuzengereza adzawazula otsalawo ndi nyundo. Mayiwo anakafika kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kuwayasamitsa akatekisiti pakhonde. Mano amene ankanenedwa anali a gudumu la tcheni. Eni dera anali atazolowera kalankhulidwe kameneka ndipo ankangoseka. Ife obwera ndi amene tinkachedwa kumva.

Dzina lawo linachokera ku ntchito. M'zaka zimenezo zipangizo za njinga zinkasowa m'masitolo a ku boma, ndipo chimene chinkatha msanga chinali fuliwilo, kagudumu ka mano ka kumbuyo kamene kamalola munthu kusiya kupalasa njinga ili chiyendere. Kakatha, umangopalasa mphepo, njinga osasuntha. Ena ankaiimika kuchipinda kudikira kuti katundu adzabwere. A Sapuma sankadikira. Ankakatsegula kagudumuko, kutaya zam'kati zakufazo, kukhomereramo tizidutswa ta misomali mpaka kagwirane ndi tayala kukhala chinthu chimodzi. Njinga ikatero, tayala likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira. Palibe kupumitsa miyendo pamtsetse. Ukafuna kuima umalimbana ndi mapedulo chobweza m'mbuyo, ndipo ukaiwala n'kuumitsa miyendo, imakudzutsa pachishalo n'kukakutula mumchenga. Anthu anazitcha njinga zosapuma, dzinalo n'kukakamira mwini luso.

Yawo inali yakuda, yopanda ndi mabuleki omwe. Ankati mabuleki ndi a anthu amene Mulungu anawamana miyendo.

Koma njinga yosapuma ili ndi matenda ake. Pamene pali mapedulo pali gudumu lalikulu la mano, limene iwo ankalitcha mbale, ndipo pa njinga zimene zinkadutsa m'manja mwawo mbaleyo inkagwiridwa ndi mabawuti asanu. Poti miyendo imakoka tcheni chamtsogolo poyenda n'kuchikokanso chambuyo poima, mabawutiwo amamasuka pang'onopang'ono. Mmodzi akagwa, anzake sachedwa kumutsatira, kenako mbale imapindika, tcheni n'kugwa. Pa mabawuti amenewa ndi pamene panali mtima wonse wa a Sapuma. Asanamange ankapaka kaulimbo ka mbalame pamazinga kuti bawuti asabwerere. Sankamanga motsatana mozungulira ayi, koma modumphitsa, uyu kenako wa kutsidya kwake, pang'ono pang'ono mpaka onse afanane mphamvu. Ankati ukamangitsa mmodzi yekha anzake amachita nsanje. Pamutu pa bawuti aliyense ankalembapo kamzera ndi tupa, kuti ntchito yawo isasokonezeke ndi ya anthu osadziwa kanthu, ndipo kwa iwo osadziwa kanthu anali okonza njinga ena onse a m'boma la Salima.

Khutu lawo linali loopsa. Bawuti womasuka amalira kuti te, te, te, motsika kwambiri moti mwini njinga samva. Iwo ankamva ali mkati mokangana ndi munthu wina, n'kusiya mkanganowo pakati kuti akuwe.

Pansi pa bwemba panali mulu wa njinga zakufa, ndipo muluwo ndiwo unali sitolo yawo. Pedulo wa uyu ankapita kwa uyo, handulo ya malemu uje inkadzuka pa njinga ya mesenjala, mbale ya mlimi wa thonje inkakayendetsa wogulitsa nsomba. Ankanyadira kuti njinga zonse za dera lathu n'zapachibale. Chibale chimenechi ndicho chinawayambanitsa ndi mnzawo wa ponda apa n'pondepo, Che Bwanali, Msilamu amene ankapalasa nsomba zouma kuchokera kunyanja kupita kumsika. Che Bwanali anamva mphekesera kuti mbale imene a Sapuma anawaikira inachokera pa njinga ya munthu wina wa kumtunda wogulitsa nyama ya nkhumba. Anafika pansi pa bwemba akupuma mwamphamvu.

"Astaghfirullah! Sapuma, iwe ndi ine tadyera limodzi zaka zonsezi, lero undiyendetse pa chitsulo cha haramu? Ndapita nayo ku mapemphero a Ijumaa njinga imeneyi!"

"Ndiye inakana kufika?" anafunsa a Sapuma.

"Chotsa!"

"Ndinaitsuka ndi palafini kawiri. Ngati pali tchimo latsala, ndi langa."

"Ndati chotsa!"

Anachotsadi, akung'ung'udza, n'kuikapo ina yotha mano imene inkagwetsa tcheni pa chitunda chilichonse. Anakhala nyengo yonse ya dzinja osapatsana moni. Kenako tsiku lina anthu anangoona Che Bwanali atakhala pachigoba, a Sapuma akuwaikira mbale yabwino imene anachotsa pa njinga yawo yakuda ija, ya nkhumbayo n'kudziikira okha. Za mkanganowo palibe anatchulanso, koma mpaka Che Bwanali kumwalira a Sapuma ankati akamadutsa pafupi ndi mzikiti amatsika n'kukankha, kuopa kuyambitsanso nkhani.

Atakalamba, zinthu zitasintha, mafuliwilo anadzaza m'masitolo ndipo anyamata a kabaza anayamba kuwaseka kuti luso lawo linapita ndi nthawi. Iwo ankangoloza njinga yakuda ija n'kunena kuti amene akudzimva mphamvu akwere akazungulire pamsika. Ambiri anayesa. Ndinaona ndi maso anga mnyamata wina wa matama akudzuka mumchenga, akulavula dothi, a Sapuma akuseka mpaka kutsokomola.

Koma nkhani imene ndikufuna isakwiriridwe nawo limodzi ndi ya Lachisanu lina m'nthawi ya chipani chimodzi.

Amuna anga, a Makwinja, anali mphunzitsi. Kwathu ndi ku Mulanje, ndipo boma linatitumiza ku sukulu ina ya kufupi ndi nyanja tili ndi ana aang'ono. Fuliwilo ya njinga yawo itatha, a Sapuma anaisandutsa yosapuma monga ankachitira ndi za anthu onse. Amuna angawo anali munthu wabwino koma lilime lawo linkathamanga kuposa nzeru. Tsiku lina ali m'tiyirumu ananena kuti ana asukulu akutha masiku ambiri akuphunzira nyimbo zolandirira akuluakulu kuposa masamu. Palibe anayankha. Aliyense anangoyang'ana m'kapu mwake, ndipo kusayankhako ndiko kunawaopsa. Masiku amenewo mawu ochepa kuposa amenewo ankatengetsa munthu, abale ake osadziwa ndi kumene wapita.

Apa muyenera kudziwa chinthu china. Apolisi ndi amesenjala a ku boma nawonso ankakonzetsa njinga pansi pa bwemba pomwepo. Choncho anthu ankakhulupirira kuti a Sapuma amamva zinthu zisanachitike.

Lachinayi masana kunabwera a Nachisale, mayi wogulitsa usipa. Anatula dengu, anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera kuseri kwa khitchini.

"Mayi, ndatumidwa ndi a Sapuma. Akuti muwauze aphunzitsi kuti amasuka kwambiri. Akuti sabata ino siitha asanamangidwe. Ine ndangopereka, musanditchule."

Ananyamula dengu lawo osandigulitsa ndi usipa womwe.

Amuna anga atamva, anakhala pansi pomwe anaima. Sanafunse kawiri. Kumasuka anali atamasukadi, m'tiyirumu muja, ndipo munthu womva za apolisi wawachenjeza. Ndinawapempha kuti akafunse bwinobwino, koma anakana, n'kundiletsa inenso. Anati kukaonekera pansi pa bwemba n'kuika munthu wachifundo m'mavuto. Maganizo awo anali oti akwere sitima ya kumwera, akafike kwathu, adutse malire kupita kwa amalume awo. Ine ndinkaona mbali inayo. Mphunzitsi wothawa ntchito masiku amenewo sankafunsidwanso mlandu, kuthawako ndiko kunali mlandu. Ine ndi ana akanatitulutsa m'nyumba ya sukulu, achimwene awo kumudzi akanavutitsidwa, ndipo iwo sakanapondanso dziko lino. Ndinalira, ndinakalipa, koma kutacha Lachisanu anamangirira sutikesi pa kaliyala n'kulunjika ku siteshoni.

Ndinasesa pabwalo mtima ukuwira. Kenako ndinaponya tsache, ndinasiya ana kwa anansi, n'kuuyamba wa ku bwemba. Ngati banja langa likutha, ndinkafuna ndidziwe dzina la amene watineneza.

Ndinawapeza a Sapuma akuwongola limu ya tayala, atayang'ana ndi diso limodzi.

"Mayi a kusukulu! Mwabwera nokha? Nanga mwiniwake ali kuti? Ndinati abwere."

"A Sapuma, ndiuzeni zoona. Watineneza ndani?"

"Kukunenezani kwa yani?"

"Si mwatumiza mawu kuti amuna anga amasuka, amangidwa?"

"Eee, ndatumiza. Amasukadi! Adutsa pano Lachitatu akulira te, te, te ngati wotchi. Awiri amasuka, wachitatu ali m'njira. Ndati sabata ino isathe asanamangidwe, apo ayi agwetsa mbale pamsewu."

Ndinagwira mtengo.

"Mabawuti?"

"Nanga n'chiyaninso, mayi?"

"Bambo inu, amuna anga apita kukakwera sitima. Akuthawa."

A Sapuma anaika limu ija pansi. Anandiyang'ana, anayang'ana dzuwa, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anazindikira chimene pakamwa pawo pachita. Sanapepese, sanadziwiringule. Anatola sipanala ndi kachitini ka ulimbo n'kuponya m'thumba la malaya, n'kugwira njinga yakuda.

"Kwerani."

"Pitani nokha, ine ndikuchedwetsani."

"Akandiona ndekha athawira m'sitima. Kwerani, gwirani pansi pa chishalo, mapazi kutali ndi masipoko. Mukafuna kulira muzilira, koma osagwedezeka."

Panthawiyo anali kale ndi imvi. Ine sindinali wochepa thupi. Dzuwa la ku Salima linali litayamba kale ntchito yake, ndipo msewu wa ku boma unali kamzere ka tala kokwana galimoto imodzi, mchenga uku ndi uku. Ndinakhala chammbali, chitenje ndachipanira m'mawondo, ndipo njinga inanyamuka.

Ndakwerapo mabasi, ndakwerapo malole, koma ulendo umene uja sindidzauiwala. Njinga yosapuma simva chisoni. Pokwera ankaimirira pa mapedulo, msana ukuwerama ndi kuwongoka patsogolo panga, malaya atamatirira ndi thukuta. Potsika, pamene munthu wina aliyense akanapuma, miyendo yawo inkazungulira mothamanga moti ndinkaopa kuti iguluka. Lole itabwera kutsogolo anatsikira mumchenga, njinga inavina, ine ndinakuwa dzina la amayi anga, koma iwo anaiwongola ndi miyendo yokha n'kubwerera pa tala. Amayi osenza nkhuni ankathawira kutchire. Belu analibe, belu anali pakamwa pawo.

Tili pakati pa ulendo ndinamva akulimbana ndi mapedulo, njinga n'kuchepetsa liwiro.

"Tsikani mutole icho chikung'anima apo. Msanga!"

Anali bawuti, kamzera ka tupa kali pamutu pake.

"Wanga ameneyo. Sungani. Akayamba kugwa sagwa mmodzi."

Patsogolo pang'ono tinatola wachiwiri. Titadutsa kamlatho kena anandilozera m'mbali mwa msewu ndi chibwano. Mumchenga munali mzere wa tayala, ndipo pambali pake panali mapazi a nsapato.

"Mwaona? Mbale yagwa. Akukankha. Mulungu ndi wamkulu, mayi, ulesi wa amuna anu utipulumutsa."

Anatero akuseka, koma mpweya unali ukuwathera. Tikuyandikira nyumba zoyamba za ku boma tinamva sitima ikulira. Ndinati basi zatha. A Sapuma anangoweramira pa handulo, ndipo njinga imene ndinkaganiza kuti yafika pamapeto a liwiro lake inawonjezera.

Sitima inali itaima, anthu akukwera. Pachipata cha siteshoni panali anyamata a chipani oona makhadi, ndipo pakati pawo panali amuna anga, atagwira njinga tcheni chili lendelende, sutikesi ili pa kaliyala. Khadi anali nalo, vuto silinali limenelo. Mtsogoleri wa anyamatawo ankafuna kudziwa chifukwa chimene mphunzitsi ali pa siteshoni ndi sutikesi tsiku la sukulu, ndipo amuna anga, a pakamwa pothamanga aja, ankangomeza malovu.

A Sapuma sanaime patali. Analowa pakati pa anthu ogulitsa nthochi akubweza mapedulo, fumbi lili koboo, akukuwa ndi mawu awo onse.

"Mgwireni ameneyo! Asakwere! Ndi wanga ameneyo, ndimumanga ndekha!"

Anthu onse pa siteshoni anatembenuka. Amuna anga anatuwa ngati phulusa. Ine ndinatsika ndikudzifunsa ngati bamboyu wapenga ndi dzuwa.

"Madala, mumumanga bwanji? Mwakhala apolisi liti?" anafunsa mtsogoleri uja.

"Apolisi amadziwa kumanga? Ndi angati amabwera kwa ine kuti ndiwamange?" Anasolola sipanala m'thumba n'kuikweza m'mwamba. "Dzulo ndamutumizira mawu munthu uyu kuti wamasuka, abwere ndimumange. Iye wamva? Taonani! Mayi, aonetseni."

Ndinatambasula dzanja. Mabawuti awiri aja anali pachikhatho panga. A Sapuma analanda njinga m'manja mwa amuna anga, anaigadabuza, n'kuloza mabowo a pa mbale.

"Mphunzitsi wathunthu kutaya ntchito yanga m'msewu ngati makoko a mtedza! Anthu azinena kuti a Sapuma sadziwa kumanga!"

Wina anaseka kumbuyo, kenako wina. Ambiri pamenepo anali atakalipiridwapo pansi pa bwemba ndipo ankakadziwa kalankhulidwe kawo. Ndinaona maso a amuna anga akuchoka pa sipanala, kupita pa mabawuti, kubwera kwa ine. Anamva.

Koma mtsogoleri uja sanaseke.

"Za njinga tamva. Nanga sutikesiyi?"

A Sapuma anali atagwada kale, akupaka ulimbo. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Iwe mwana wa a Jeke, sunakwatire eti? Ukadzakwatira udzadziwa chimene chimatulutsa mwamuna m'nyumba m'mamawa ndi malaya ake onse. Afunse mayiwa. Ine za m'banja sindilowerera, ndangowakweza."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva chimene bamboyo wandiponyera, ndipo sindinachite kufunafuna mkwiyo, unali utadzaza kale mpaka pakhosi.

"Bambo a Lute!" ndinakuwa. "Mwamuna wanji inu? Kungokangana pang'ono basi mwalongedza? Ana aja ndinabereka ndekha? Mukuthawira kwa amayi anu kuti akakuyamwitseni? Tsitsani sutikesiyo, musanandichititse manyazi oposa awa!"

Ndinanena zambiri, zina zoti sindingalembe. Amayi a nthochi anayamba kuwomba m'manja, wina n'kuimba nthungululu. "Auzeni, mayi! Amuna a masiku ano!" Amuna anga anaweramitsa mutu monga munthu wogwidwa, ndipo sanachite kuyeserera. Anyamata a chipani anayamba kugwirana mapewa ndi kuseka, mpaka mtsogoleri uja analephera kudzigwira.

Nthawi yonseyo a Sapuma anali pa ntchito. Anawongola mbale ndi mwala, anabwezera mabawuti, wina wosowa anachotsa pa njinga yawo, n'kumanga modumphitsa monga mwa nthawi zonse, osafulumira ngakhale pang'ono. Sitima inalira, inagwedezeka, n'kuyamba kuyenda. Ndinaiyang'ana mpaka bogi yomaliza itadutsa, amuna anga ali chiimire pambali panga. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati kumbuyo kwa sitima imene ija.

A Sapuma anadzuka, anazunguza pedulo ndi dzanja, anatchera khutu, n'kubweza njinga kwa mwini wake.

"Ndakumangani, aphunzitsi. Pitani mukaphunzitse ana."

Kenako anatembenukira njinga ya mtsogoleri uja imene inatsamira pampanda, anaigwedeza pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Nawenso wamasuka, mwana wa a Jeke. Ubwere mawa ndidzakumange."

Siteshoni inaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ena akuyang'ana kumbali kuopa kuoneka kuti akuseka, ndipo mnyamatayo anangoti, "Chabwino, madala." Mawa lake anapitadi.

Titatuluka pachipata n'kukhota kuseri kwa sitolo, miyendo ya a Sapuma inakana. Anakhala pansi m'fumbi, akatumba akunjenjemera okha, ndipo anamwa madzi amene ndinawapemphera. Amuna anga anagwada pambali pawo, misozi ikutsika, akufuna kuthokoza. Iwo anawaletsa ndi dzanja.

"Musandithokoze. Muziwapatsa chakudya chochepa mayiwa. Ndanyamulapo matumba a mpunga, koma izi ayi."

Amuna anga anakafika kusukulu ana asanaweruke. Palibe anabwera kudzawatenga, sabata imeneyo kapena ina iliyonse. Mawu a m'tiyirumu aja anathera m'makapu momwemo. Anaphunzitsa mpaka kupuma pa ntchito, tinamanga nyumba konkuno, ndipo anamwalira pabedi pawo zidzukulu zitawazungulira. Ine ndinatsala ndi mbiri ya mayi wolusa amene anathamangitsa mwamuna mpaka ku siteshoni. Mbiri imeneyo ndainyamula mokondwa moyo wanga wonse.

Za ulendowo a Sapuma anadzitama mpaka ukalamba. Chaka chilichonse liwiro linkakula, mchenga unkazama, ine ndinkanenepa. Koma a Sapuma sanauze munthu chimene amuna anga ankathawa, ngakhale Che Bwanali, mpaka nthawi imene anthu anayamba kulankhula momasuka. Munthu wa pakamwa potero anasunga nkhani imeneyo zaka zonsezo. Kalankhulidwe kawo sanasinthe, anthu anapitiriza kuphwa ndi kutha mano. Chimodzi chokha ndi chimene ndinaona kuti chasintha. Kuyambira tsiku limenelo sanatumenso munthu ndi mawu. Akamva te, te, te mwini wake osaima, ankatseka bokosi la zitsulo, kukwera yakuda ija, n'kumulondola mpaka pakhomo ndi sipanala m'thumba.

Dzulo ndinapita pansi pa bwemba. Mulu wa njinga zakufa anaugulitsa kale kwa ogula zitsulo, ndipo pamene unali pamera udzu wobiriwira kuposa wina wonse. Dothi la patsinde likadali lakuda ndi mafuta, mvula yalephera kulitsuka. Waya amene ankapachikapo njinga akadali lende panthambi, khungwa linamumeza kale pomangirira. Chigoba chija chilipo, chosalala pamwamba, ndipo palibe amene akukhalapo, ngakhale anyamata a kabaza amene amadikira anthu pamthunzi womwewo. Ndinafukula mchenga ndi ndodo yanga n'kupeza bawuti wadzimbiri, kamzera kake kakuonekabe.

Ndili chiimire, mnyamata wina anadutsa pamsewu atakweza mayi ndi dengu la nsomba. Njinga yake inkalira motsika kuti te, te, te. Ndinatembenukira kuchigoba kudikira mawu aja. Kunali zii, masamba okha akugwa.

Ndiye ndinakuwa ndine.

"Iwe! Wamasuka!"

Mnyamatayo anacheuka, anaona gogo ali yekha pansi pa mtengo ndi chigoba chopanda munthu, n'kupitiriza ulendo wake.